Safunsa adadya phula

Aliyense amene amayenda pa minibasi m'dziko muno adachionapo chinthu ichi, ngakhale mwina sadachilingalirepo mofatsa. Msewu wa phula ukayamba kuonongeka, suyambira paliponse ayi. Kawirikawiri umayambira pa siteji pomwe mabasi amaima, pa rodibuloko, pa mahampu, pa mphambano, pafupi ndi sikelo ya galimoto komanso pa chitunda pomwe mathiraki amakwera mokwawa ngati kamba. Pamalo oterewa mumapeza tingalande tiwiri totsata momwe matayala amaponda, phula litafufuma m'mbali mwake ngati wina adalikankha ndi chipande. Mukangoyenda makilomita awiri okha, pomwe galimoto zomwezo zimathamanga, mupeza msewu uli bwinobwino.

Kontilakitala ndi yemweyo, phula ndi lomwelo, mvula ndi yomweyo, galimoto nazo ndi zomwezo. Nanga bwanji pena pagwe pena patsale?

Nkhani ya misewu ikabuka, Amalawife tili ndi mayankho awiri omwe timathamangira. Loyamba ndi mvula. Lachiwiri ndi katangale, kunena kuti wina adadya ndalama n'kuthira phula lopyapyala ngati chikopa cha anyezi. Sitikutsutsa. Mvula imaonongadi misewu, ndipo amene adaona zomwe namondwe wa Freddy adachita m'chigawo cha kummwera mu Malichi 2023 safuna umboni wina. Ntchito yosalongosoka nayo iliko, ndipo pomwe yapezeka eni ake ayenera kuyankhapo. Koma mvula sisankha siteji ya basi, ndipo wakuba saba phula la pa chitunda pokha n'kusiya la pa chidikha. Pali chifukwa chachitatu chomwe sitichitchula kawirikawiri, ndipo ndi chomwe tikufuna tikambirane sabata ino: khalidwe la phula lenilenilo.

Mfundo yathu ndi iyi. Phula si mwala. Kulimba kwake kumasintha malinga ndi kutentha kwa malo komanso liwiro la galimoto yomwe ikuliponda. Akatswiri adadziwa izi zaka 70 zapitazo, ndipo ali ndi njira zoyezera ndi kuwerengera khalidweli msewu usanayalidwe. Dziko lomwe limagula phula lonse kunja ndi ndalama zakunja zomwe zimasowa kale, silingakwanitse kumayala msewu popanda kufunsa funso losavuta: kodi phula ili lidayesedwa pa kutentha kotani, nanga pa liwiro lanji?

Phula ndi chiyani kwenikweni?

Chomwe timachitcha phula pa msewu ndi zinthu ziwiri zosakaniza. Pafupifupi magawo 95 mwa 100 a kulemera kwake ndi miyala yophwanya, mchenga ndi fumbi la miyala. Magawo asanu otsalawo ndiye phula lenileni, chinthu chakuda chonanda chomwe chimatsalira akamayenga mafuta a pansi pa nthaka, petulo, palafini ndi dizilo zitachotsedwa. Miyala ndiyo imasenza katundu. Ntchito ya phula ndi kumata miyalayo kuti isabalalike komanso kutchinga madzi. Koma kagawo kochepako ndiko kamalamula khalidwe la msewu wonse, monga momwe mchere wochepa umalamulira ndiwo.

Kuti timvetse khalidweli, tiyeni tiganizire zinthu ziwiri zomwe tonse timazidziwa. Mpira wa legeni mukaukoka umatanuka, mukausiya umabwerera pomwe udali nthawi yomweyo. Uchi ndi wosiyana: mukaupendeketsa umayenderera pang'onopang'ono, ndipo ukapita wapita, subwerera m'botolo. Phula lili ndi makhalidwe awiri onsewa nthawi imodzi. Pena limachita ngati mpira wa legeni, pena ngati uchi. Khalidwe la pawiripawirili ndi lomwe akatswiri amalitcha viscoelastic pa Chingerezi. Kukazizira, kapena likapondedwa mwachangu, limakhala mpira: limapindika pang'ono n'kubwerera. Kukatentha, kapena likapanikizidwa kwa nthawi yaitali, limakhala uchi: limasuntha pang'ono osabwereranso.

Wina atha kukayika kuti chinthu cholimba chotere chingayende bwanji. Umboni wake uli pa sukulu ya ukachenjede ya Queensland mumzinda wa Brisbane ku Australia. M'chaka cha 1927, mphunzitsi wina wa sayansi, Thomas Parnell, adasungunula mtundu wina wa phula lolimba kwambiri, loti mukalimenya ndi hamala limasweka ngati galasi, n'kulithira m'fanelo yotseka kunsi. Adalisiya zaka zitatu kuti likhazikike, ndipo mu 1930 adatsegula kunsi kwa faneloyo. Dontho loyamba lidagwa mu 1938. Kufika lero, madontho omwe agwa ndi asanu ndi anayi okha, lomaliza mu Epulo 2014. Chinthu chomwe chimasweka ndi hamala m'kanthawi kochepa ndi chomwecho chikudontha ngati uchi chikapatsidwa zaka. Kusiyana kwake ndi nthawi basi.

Kutentha ndi liwiro ndi pachibale

Tsopano tibwerere pa msewu. Thiraki ikamathamanga makilomita 80 pa ola, tayala limaponda malo amodzi kwa kanthawi kochepa kuposa kuphethira kwa diso. Phula silipeza mpata woti lisunthe, limangopindika n'kubwerera. Thiraki yomweyo ikamakwawa makilomita asanu pa ola, tayala limakhalitsa pamalopo kuwirikiza ka 16. Ikaima pa rodibuloko mphindi khumi, ndiye basi, phula lapatsidwa nthawi yonse yomwe limafuna kuti lichite ngati uchi. Galimoto iliyonse imasiya kachizindikiro kosaoneka ndi maso, koma zikadutsa zikwizikwi, tingalande tija timabadwa.

Kutentha nako kumachita chimodzimodzi. Chinthu chakuda chimamwa dzuwa, choncho pamwamba pa msewu pamatentha kwambiri kuposa mpweya. Tsiku lomwe a zanyengo alengeza madigiri 40, pamwamba pa phula patha kufika madigiri 60 kapena kuposa. Amene adayesapo kudutsa msewu wopanda nsapato masana a mu Okutobala akudziwa zomwe tikunena. Zoyesa za m'malabotale zimaonetsa kuti phula losakaniza ndi miyala lomwelo, likayezedwa pozizira kwambiri ndi mwachangu, kenako potentha kwambiri ndi pang'onopang'ono, kulimba kwake kutha kusiyana ka 100 kapena kuposa. Simenti kapena chitsulo sizisintha chotero pa nyengo zomwe timakhalamo.

Munthu woyamba kuika mfundoyi pa pepala m'njira yoti mainjiniya azigwiritsa ntchito adali Van der Poel, yemwe ankagwira ntchito mu labotale ya kampani ya Shell ku Amsterdam. Mu 1954 iye adatulutsa tchati chomwe munthu amatha kuwerengerapo kulimba kwa phula akadziwa mtundu wake, kutentha kwake komanso kutalika kwa nthawi yomwe likupanikizidwa. Chaka chotsatira, mu 1955, akatswiri atatu a ku America, Malcolm Williams, Robert Landel ndi John Ferry, omwe ankafufuza zinthu za mtundu wa mpira ndi pulasitiki, adalemba samu yoonetsa kuti pa zinthu zotere kutentha ndi nthawi zimasinthanitsika. Kuonjezera kutentha kuli ngati kuchepetsa liwiro. Kuziziritsa kuli ngati kuonjezera liwiro. Kwa phula, thiraki yokwawa m'mawa kozizira ndi thiraki yothamanga masana kotentha zitha kukhala katundu wofanana. Choopsa ndi pomwe ziwirizi zakumana: thiraki yolemera, yokwawa, masana a chilimwe.

Kuyeza msewu usanabadwe

Mfundo ya kusinthanitsayi ndi yomwe imathandiza akatswiri kudziwiratu tsogolo la msewu popanda kudikira zaka 20. Amaumba kachidutswa ka phula losakaniza ndi miyala kooneka ngati chitini, mamilimita 100 m'mimba mwake ndi 150 msinkhu. Amakaika m'makina omwe ali ndi kabokosi kotha kuziziritsa ndi kutenthetsa, ndipo makinawo amakafinya ndi kukamasula mobwerezabwereza, kutengera momwe matayala amapondera ndi kuchoka. Njira imodzi yodziwika bwino ya ku America imayesa pa milingo isanu ya kutentha, kuchokera pa madigiri 10 kunsi kwa ziro kufika pa madigiri 54, ndipo pa mlingo uliwonse imafinya pa maliwiro asanu ndi limodzi, kuchokera ka 25 pa sekondi imodzi kufika kamodzi pa masekondi khumi. Kufinya kwachangu kukuimira galimoto yothamanga. Kwapang'onopang'ono kukuimira yokwawa.

Makinawo amalemba zinthu ziwiri. Choyamba, kachidutswako kafinyika motani poyerekeza ndi mphamvu yomwe yagwiritsidwa ntchito; uku ndiye kulimba kwake. Chachiwiri, kamachedwa bwanji kuyankha kakafinyidwa. Mpira umayankha pomwepo, uchi umayankha mochedwa, choncho kuchedwako kumaulula kuti pa kutentha ndi liwiro limenelo phulalo lili mbali ya mpira kapena ya uchi. Zotsatira 30 zomwe zimapezeka amazilumikiza, pogwiritsa ntchito samu ija ya kusinthanitsa kutentha ndi nthawi, n'kupanga mzere umodzi wautali wotchedwa master curve. Mzerewu uli ngati chiphaso cha phulalo. Injiniya akauyang'ana amatha kunena momwe lidzachitire pa chitunda mu Novembala kapena pa chidikha mu Juni, ngakhale pa maliwiro omwe makinawo sangafikepo.

Kuti kompyuta ithe kuwerengera zonsezi, pamafunika chifanizo cha masamu cha phulalo. Pano akatswiri amagwiritsa ntchito zida ziwiri za m'maganizo. China ndi sipuling'i, yoimira mbali ya mpira. China chili ngati jekeseni wodzaza uchi, yemwe mukamukankha mwachangu amakana koma mukamukankha modekha amalola. Ameneyu akuimira mbali ya uchi. Mu 1867 katswiri wa ku Scotland, James Clerk Maxwell, adalongosola khalidwe lomwe lero amalijambula ngati sipuling'i ndi jekeseni zolumikizidwa mondondozana. Mu 1935 Jan Burgers wa ku Netherlands adaika masipuling'i awiri ndi majekeseni awiri pamodzi. Ku France, Huet mu 1963 ndi Sayegh mu 1965 adakonza zifanizo zoyenerana ndi phula la pa msewu lenilenilo, ndipo mu 2003 Olard ndi Di Benedetto adazikuza n'kupanga chifanizo chotchedwa 2S2P1D, chomwe chimagwira ntchito pa phula lokha komanso losakaniza ndi miyala.

Mayinawa sitikuwatchula kuti tikuzunguzeni mutu. Tikufuna muone kuti nzeruzi si zachilendo ndipo si zachinsinsi. Zili m'mabuku omwe ophunzira za uinjiniya amawerenga. Chofunika ndi chakuti zichoke m'mabukumo n'kulowa m'mapangano a ntchito omwe boma limasainirana ndi makontilakitala.

Singano imodzi siyokwanira

Kwa zaka zambiri, maiko ochuluka, kuphatikizapo a m'chigawo chino cha Africa, akhala akugula phula potengera muyeso wa singano. Amatenga phula la madigiri 25, n'kuikapo singano yosenza magalamu 100 kwa masekondi asanu, n'kuona kuti yalowa motani. Manambala omwe mumawamva akuti 60/70 kapena 80/100 amachokera pamenepa: nambala ikakula, ndiye kuti phulalo ndi lofewa. Muyesowu ndi wosavuta, ndi wotchipa ndipo wathandiza kwambiri. Koma taganizani: madigiri 25 ndi kutentha kwa m'chipinda chomwe muli mthunzi. Mitundu iwiri ya phula itha kufanana pa madigiri 25 koma n'kusiyana kutalitali pa madigiri 60. Zili ngati kulemba munthu ntchito yolima m'munda wa mzimbe ku Nchalo mutangomuona momwe akukhalira pa khonde m'mawa. Alipo ndithu miyeso ina yoonjezera, monga woona kutentha komwe phula limayambira kufewa, ndipo phula la 60/70 limafika pamenepo cha m'ma madigiri 50. Nambala imeneyo payokha iyenera kutipatsa maganizo tikakumbukira kutentha kwa misewu yathu m'chilimwe.

Dziko la America lidakumana ndi vuto lomweli la tingalande ndi ming'alu, ndipo pakati pa 1987 ndi 1993 lidaika madola 50 miliyoni pa kafukufuku wa phula yekha. Chomwe chidatulukapo ndi njira yotchedwa Superpave, yomwe imatchula phula potengera nyengo ya malo omwe likukagwira ntchito. Phula lolembedwa PG 64-22 ndi loyenera malo omwe msewu umatentha kufika madigiri 64 m'sabata yotentha kwambiri ya chaka, n'kuzizira kufika madigiri 22 kunsi kwa ziro. Magiredi ake amakwera ndi madigiri asanu ndi imodzi: 58, 64, 70, 76. Chomwe chidatikopa mtima kwambiri ndi lamulo lomwe adaonjezerapo, lakuti pomwe galimoto zolemera zimayenda pang'onopang'ono giredi ikwezedwe sitepe imodzi, ndipo pomwe zimaima itha kukwezedwa masitepe awiri. Kunena kwina, adavomereza m'malamulo awo chomwe kondakitala wa minibasi amachiona tsiku ndi tsiku pa siteji.

Wina anganene kuti zimenezo ndi za maiko olemera. Koma anansi athu a ku South Africa adatulutsa ndondomeko yawo yoyezera phula potengera nyengo ndi kuchuluka kwa galimoto mu 2019. Izi zisanachitike, mu 2011, adayesa pa msewu wina wopita ku doko la Durban, womwe mathiraki olemera amadzazana, mtundu wa phula lolimba kwambiri lomwe lidayambira ku France m'zaka za m'ma 1980. Ngakhale buku la malangizo lotchedwa Overseas Road Note 31, lomwe bungwe la kafukufuku wa misewu la ku Britain lidalembera maiko otentha ngati lathu, lidachenjeza kale m'kope la 1993 kuti zitunda, mphambano ndi malo ena omwe galimoto zolemera zimakwawa ndi malo ovuta ofunika kasakanizidwe kapadera, ndipo kuti timipata ta mpweya m'kati mwa phula tikachepera magawo atatu mwa 100, msewu umayamba kusuntha.

Dziko limodzi, nyengo zambiri

Apa ndi pomwe nkhaniyi ikutikhudza kwambiri. Msewu wa M1 umachokera ku Songwe m'malire ndi Tanzania kukafika ku Marka m'boma la Nsanje. Dzina ndi limodzi, koma phula lake limakhala m'maiko osiyanasiyana a nyengo. Ku Karonga ndi m'mbali mwa nyanja kumatentha. Pa Chiweta mathiraki amalimbana ndi chitunda chokhotakhota. Ku Dedza usiku wa mu Juni ndi Julayi kumazizira mpaka kutsika pa madigiri khumi. Ku Zalewa kumatentha ndipo galimoto zimaima pa rodibuloko. Kuchigwa cha Shire, ku Nchalo, Ngabu ndi Nsanje, si zachilendo kupitirira madigiri 40 mu Okutobala ndi Novembala, ndipo katundu wolemera wochokera kumeneko amayenera kukwera mapiri a pakati pa Chikwawa ndi Blantyre pa liwiro loti wa njinga atha kupikisana nalo.

Phula lomwe lingakhale zaka zambiri pa chidikha cha ku Dedza silingayembekezeke kuchita chimodzimodzi pa chitunda chotentha. Mlimi amadziwa kuti mbewu ya chimanga yoyenera ku mapiri si yomwe amadzala kuchigwa. Bwanji nzeru yomweyo isagwire ntchito pa misewu?

Tisafulumire kunena kuti yankho ndi kungogula phula lolimba kwambiri ndi kuthira paliponse. Phula limakalamba. Dzuwa ndi mpweya zimaliumitsa chaka ndi chaka, ndipo m'maiko otentha limakalamba msanga. Likaumitsitsa limataya mbali ija ya uchi yomwe imalithandiza kupirira, ndipo limayamba kung'aluka kuchokera pamwamba. Madzi a mvula akalowa m'ming'aluyo amafewetsa dothi ndi miyala ya pansi, ndipo dzinja limodzi lokha limakwanira kubala maenje. Lofewetsa limapanga ngalande, lolimbitsa limang'aluka. Luso lili popeza pakati, ndipo pakatipo sipapezeka ndi maso kapena mwa chizolowezi. Pamapezeka poyeza.

Zomwe otsutsa anganene

Tikudziwa kuti ena, kuphatikizapo mainjiniya odziwa ntchito yawo, atiuza kuti tikulota. Adzati makina oyezera oterewa ndi okwera mtengo, amafuna magetsi osazimazima komanso anthu ophunzitsidwa bwino. Adzatinso misewu yambiri ya phula m'dziko muno ilibe n'komwe phula lochindikala losakaniza ndi miyala, koma kansalu kopyapyala ka phula lowaza ndi timiyala pamwamba, ndipo pa misewu yotere chomwe chimasenza katundu ndi maziko a pansi. Adzaonjezera kuti ngalande zotsekeka ndi zinyalala, kuchedwa kukwirira maenje ndi katundu wopyola muyeso zimapha misewu yambiri kuposa mtundu wa phula.

Zonsezi ndi zoona, ndipo sitikuzinyoza. Za katundu wopyola muyeso zili ndi umboni wakalekale. Kafukufuku wamkulu yemwe adachitika ku Ottawa m'chigawo cha Illinois ku America pakati pa 1958 ndi 1960 adaonetsa kuti kulemera kwa pa ekiselo imodzi kukawirikiza kawiri, kuononga kwake sikuwirikiza kawiri ayi koma pafupifupi ka 16. Ekiselo yomwe imayenera kusenza matani khumi ikasenza 15, imaononga ngati maekiselo asanu. Palibe samu kapena kompyuta yomwe ingapulumutse msewu ngati pa sikelo pakudutsa mathiraki otere usiku. Ndi zoonanso kuti chifanizo cha masamu chimanena zoona pokhapokha manambala olowetsedwamo ali oona. Manambala otengedwa ku nyengo ya ku Ulaya ndi miyala ya ku America sangalosere bwino za msewu wa ku Bangula.

Koma mfundo zimenezi sizikugwetsa ganizo lathu. Zikungolionetsa malire ake. Sitikunena kuti kamsewu kalikonse ka kumudzi kayezedwe chotere. Tikunena za misewu ikuluikulu yomwe imasenza mafuta, feteleza, simenti, shuga ndi fodya, za misewu ya m'mizinda yomwe ikukuzidwa, ndi za malo ovuta aja. Imeneyi ndiyo imadya ndalama zankhaninkhani, zambiri mwa izo za ngongole zomwe adzabweze ndi ana omwe lero ali ku pulaimale. Mtengo wa makina oyezera ndi wochepa poyerekeza ndi mtengo wokumba ndi kuyalanso makilomita ochepa chabe a msewu wotere. Ndipo ngati manambala akunja satiyenera, yankho si kusiya kuyeza, koma kuyeza zathu.

Pempho lathu

Choyamba, unduna woona za mtengatenga ndi bungwe la Roads Authority aonetsetse kuti pa ntchito iliyonse yaikulu ya phula, pangano likunena poyera kutentha kwa msewu komwe kwaganiziridwa pa dera limenelo komanso liwiro la galimoto zolemera. Zitunda, masiteji, mphambano, masikelo ndi mageti olipiritsa monga a pa Chingeni ndi Kalinyeke zizilembedwa padera. Pena pangafunike phula losakaniza ndi mankhwala olilimbitsa, pena konkire kapena njerwa za simenti zoyala. Ndi bwino kulipira zambiri pa mamita 300 kusiyana ndi kubwererapo chaka ndi chaka.

Chachiwiri, labotale ya boma yoyeza zipangizo zomangira ku Lilongwe pamodzi ndi sukulu ya ukachenjede ya MUBAS, yomwe kale inkatchedwa Polytechnic, zipatsidwe zida, ndalama zosamalira zidazo ndi anthu okwanira kuti ziziyeza phula ndi miyala yathu pa kutentha ndi liwiro losiyanasiyana. Ngongole iliyonse ya msewu waukulu izikhala ndi kagawo ka ntchito imeneyi. Ophunzira athu azichita kafukufuku wawo pa miyala ya m'makwale athu, osati kungoloweza zitsanzo za m'mabuku akunja.

Chachitatu, pakhale mapu a kutentha kwa misewu ya dziko lino. Nthambi ya zanyengo ili ndi kaundula wa zaka zambiri wa kutentha kwa mpweya. Kuonjezerapo tizida toyeza kutentha m'kati mwa phula pa malo angapo osankhidwa si ntchito yofuna mabiliyoni. Popeza dziko lapansi likunka litentherabe, msewu womwe ukuyalidwa lero uyenera kukonzekera chilimwe cha zaka 20 zikubwerazo, osati cha zaka 20 zapitazo.

Chachinayi, zotsatira za kuyezaku zisamabisidwe m'madirowa. Aphungu a Nyumba ya Malamulo, makhansala, mabungwe a mainjiniya ndi atolankhani azitha kuziona. Phula likafika m'dziko muno liziyezedwa lisanathiridwe, ndipo msewu ukayalidwa azibowola tizidutswa n'kuona ngati zomwe zili pansi zikufanana ndi zomwe zidalembedwa pa pepala. Apo ndi pomwe tidzathe kusiyanitsa msewu womwe wagwa kaamba ka kuba ndi womwe wagwa kaamba ka kusankha molakwika. Lero ziwirizi timaziphatikiza m'thumba limodzi, ndipo mapeto ake wakuba amabisala kumbuyo kwa mvula pomwe injiniya wachilungamo amatukwanidwa popanda mlandu.

Chachisanu, masikelo agwire ntchito usana ndi usiku, mopanda kuona nkhope. Eni mathiraki nawo adziwe kuti phindu la matani asanu oonjezera amalilipira okha mawa pogula matayala ndi masipuling'i.

Nkhaniyi si ya mainjiniya okha. Pa lita iliyonse ya petulo ndi dizilo pali msonkho wa misewu, ndipo kuyambira mu 2021 oyendetsa galimoto akhala akulipiranso pa mageti a pa M1. Ndalama zimenezi zimabwerera kwa mayi wogulitsa tomato kudzera pa mtengo wa minibasi, ngakhale iye alibe galimoto. Tingalande ta pa msewu timasunga madzi mvula ikagwa, ndipo tayala likaponda madziwo pa liwiro limatha kuterereka. Wa njinga yamoto ya kabaza akakwera pa phula lofufuma lija atanyamula munthu, ngozi ili pafupi. Ambulansi yonyamula mayi woyembekezera imachedwa chifukwa cha maenje omwe adayamba ngati ming'alu yosaoneka. Choncho tonse tili ndi ufulu wofunsa.

Tsiku lotsegulira msewu timavina, timaimba ndipo akuluakulu amadula riboni pa phula lakuda bii, lonyezimira. Koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ubwino wa msewu suoneka tsiku la riboni. Umaoneka masana a mu Novembala wachitatu, pansi pa thiraki yodzaza yomwe ikukwawa pa chitunda. Makolo athu adati safunsa adadya phula, poti adaliyesa uchi. Iwo ankanena za phula la njuchi, koma mwambiwu watipeza pa msewu. Ulendo wina mkulu wina akadzabwera kwanu kudzakhazikitsa ntchito ya msewu watsopano, musadzangofunsa za makilomita ndi tsiku lomaliza. Mudzafunsenso kuti phulalo lidayesedwa pa madigiri angati, pa liwiro lanji, ndipo zotsatira zake zili kuti.